Chibeseni cha Wietske

Amsterdam, 9 Malichi 1994

Okondedwa mayi anga, Mem,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko, pamodzi ndi mchimwene wanga Auke, mkazi wake Griet ndi ng'ombe zonse. Bondo lija likukuvutanibe? Kuno bambo a kunyumba a Joris ali bwino, ndipo mdzukulu wanu Hidde waphunzira kutukwana kusukulu ya mkaka. Amakufunsani tsiku ndi tsiku.

Ndalemba kalata chifukwa Lamlungu munandidulira foni ndisanamalize. Pepala simungalidule pakamwa.

Ndibwerezenso: mwana ndikuyembekezerayu ndikufuna adzabadwire m'madzi. Si misala ya m'tauni ayi. Chiuno changa chafika poipa, Mem. Masitepe ndimakwera chokwawa, ndipo kuti nditembenuke pabedi mpaka Joris andigubuduze ngati thumba la mbatatesi. Malo okhawo amene ndimamva kuti ndine munthu ndi m'bafa, madzi ofunda atandifika m'khosi. Kuli zibeseni zikuluzikulu zobwereketsa, zoti mayi amakhalamo momasuka, kugwada kapena kutembenuka, mzamba ali pambali.

Vuto ndi malo. Mwininyumba wathu atamva kulemera kwa chibeseni chodzaza madzi anaseka mpaka kutsamwa. Akuti, "Mayi, matabwa a nyumba ino ndi a nthawi ya agogo anga. Mukufuna mukaberekere patebulo la anthu apansiwa akudya?" Mzamba wanga naye wakana. Akuti nsanjika yachitatu, masitepe opanikiza chonchi, zitavuta machira sangatsike. Kuchipatala ndinakafunsa. Namwino anandiyang'ana ngati ndapempha kuberekera padenga.

Ndiye ndikupempha chipinda chachikulu chakumaso kwanuko, chapansi polimba chija. Ine ndi Auke tinabadwira m'nyumba imeneyo. Masiku anga ndi kumapeto kwa Julayi. Mundiyankhe pa kalata, pafoni mumakuwa.

Ndine mwana wanu,
Wietske


Aldwier, 14 Malichi 1994

Wietske mwanawe,

Tili bwino. Bondo lilipo, silinapite kulikonse. Ng'ombe ziwiri zabereka sabata ino, zonse pa udzu wouma, ndipo palibe inapempha beseni.

Yankho ndi lomwe lija. Kuberekera pakhomo sindikukana, ndingakane bwanji? Iwe ndinakuberekera pabedi lomwe ndikugonapo lero, malemu bambo ako ali kokama. Koma mwana si bakha. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuthamangitsa ana m'mbali mwa ngalande, lero undiuze kuti ndidzaze madzi m'nyumba mwanga kuti mdzukulu wanga agweremo dala?

Ndinawafunsa a dokotala Wiarda titatuluka m'tchalitchi, poti ndiwo amachiritsa amayi onse a mudzi uno. Anati, "Mayi Tjitske, ine ndinaphunzira udokotala, osati usodzi." Akuti sangapondeko.

Ndipo mlatho waiwala. Wakhalitsa m'tauni iwe. Julayi ndi mwezi wa maboti a alendo, Sipke woyang'anira mlatho uja amangokhalira kuukweza m'mwamba kuti adutse pansi pake, ndipo dzuwa likatentha chitsulo chija chimafufuma, mlatho n'kukanirira m'mwamba. Nthawi ina unakanirira masana onse, galimoto ya mkaka inachita kuzungulira nyanja yonse. Ambulansi ikadzaima tsidya lija, iwe ukutha magazi tsidya lino, udzati chiyani?

Pita kuchipatala ngati anzako okhala m'mwamba. Hidde anabadwira komweko ndipo ali moyo, akutukwana.

Unditumizire chithunzi chake chatsopano. Chimene chili pakhomachi akadali wosamera mano.

Mayi wako,
Mem


Amsterdam, 18 Malichi 1994

Mem,

Moni. Chithunzi ndaikamo. Za tsitsi musafunse, anadzimeta yekha.

Mwati Hidde ali moyo. Inde. Nanga ine? Simunandifunsepo mmene zinayendera tsiku lija, nane sindinakuuzeni poti munabwera ndi keke, mano onse pamtunda. Imvani tsopano. Anandigoneka chagada, miyendo ataimangirira m'mwamba pazitsulo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinapempha kuti ndidzuke ndiyendeko, anati makina asokonekera. Dokotala analowa ndi ophunzira ake, osandipatsa ndi moni womwe, n'kuwauza kuti, "Uyu sakuthandiza." Anandidula osandiuza. Ndinamva kulira kwa sizasi ndisanadziwe kuti ndi thupi langa. Pabedi limenelo sindidzagonanso, olo mundikalipire mpaka Khirisimasi.

Za kumira. Mwana m'mimba amakhala m'madzi kale. Mpweya amalandira kudzera mumchombo, ndipo mzamba amamutulutsa m'madzimo nthawi yomweyo, asanayambe kupuma yekha. Sindinazilote izi, ndafunsa azamba angapo.

Za mlatho, amayi a ku Aldwier amabereka mu Julayi chaka ndi chaka, sindinamvepo mukuwathamangitsira kutauni.

Ngati nyumba yanu mwakana, chabwino. Chibeseni ndalembetsa kale. Ndidzachiika pano pamwamba, mwininyumba afune asafune, ndipo mzamba akakana kubwera ndidzabereka ndi Joris. Sindikukuopsezani. Ndikungokudziwitsani.

Wietske


Amsterdam, 16 Epulo 1994

Mem,

Ndikhulupirira muli moyo, poti zikanakhala zina Auke akanandiuza.

Mwezi watha chilembereni. Ndikaimba foni amayankha Griet: mwatuluka, mwapita ndi basi. Inu ndi basi munayanjana liti? Pasaka tinadya tokha kuno, Hidde akufunsa chifukwa chake sitikupita kwa agogo. Ngati mwasankha kundinyanyala, nenani, ndisamadikire wa positi ngati chitsiru.

Joris mantha amugwira, wayamba kugogoda matabwa apansi ndi chidendene kuti amve ngati ali olimba. Ine sindinasinthe. Mwana akuponda mwamphamvu, akuoneka kuti makani watengera kuchikazi.

Wietske


Aldwier, 25 Epulo 1994

Wietske,

Ndili moyo. Kunyanyala ndi kwa anthu opanda ntchito.

Kalata yako ya sizasi ija ndinakaiwerengera m'khola, kuti Griet asandione nkhope. Ukanandiuza nthawi yomwe ija, keke ija ndikanam'paka nayo kumaso dokotalayo. Koma zoti ubereke wekha ndi Joris, munthu amene anakomoka ataona Auke akubaya ng'ombe jakisoni, usadzazinenenso.

Basi ndimadana nayo, koma ndakwera. Ndayenda kwa azamba tauni ndi tauni. Ena anandiseka, ena anati sanaphunzire zimenezo. Ku Sneek ndinapeza wina dzina lake Renske, wamtali ngati chitseko, wosamwetulira wamba, n'chifukwa chake ndamukhulupirira. Wachiritsa amayi ambiri m'madzi. Ndinamufunsa maso ndi maso, "Ndi ana angati amira m'manja mwanu?" Anati, "Palibe, mayi. Koma amayi amene ndinawatulutsa m'madzi akulira kuti sakufuna, amenewo alipo ambiri." Anandionetsa pa vidiyo mwana akubadwa. Pakati pake ndinatsinzina, sindikubisa.

Anabwera kudzaona chipinda. Wavomera, nane ndavomera, koma imva malamulo. Renske akati tuluka, utuluka, popanda mtsutso wako wa ku Amsterdam uja. Mtima wa mwana ukasintha, madzi a m'mimba akatuluka obiriwira, kapena magazi akachuluka, ndi ulendo wa kuchipatala, ndipo ukachita makani Auke adzakunyamula ngati thole. Matenda akayamba masiku asanakwane, za beseni uiwale.

A dokotala Wiarda atamva anafika pakhomo chipewa chili kumutu. Akuti ndikuseweretsa moyo wa mwana, komanso ndikulowetsa mlendo m'dera lawo. Ndinati, "Dera lanu ndi mudzi, chipindachi ndi changa. Khofi mumwa kapena mukupita?" Sanamwe. Kutchalitchi akundiyang'anira kumbali, ndipo amayi ena akandiona kubekale amasiya nkhani pakati. Asiye.

Kwa Sipke ndinapitanso, kukamupempha kuti tsikulo asadzakweze mlatho. Akuti malamulo salola kuimitsa maboti chifukwa cha mimba ya munthu, ambulansi ikadzabwera adzautsitsa. Ndinati, "Nanga ukakana kutsika?" Anangokweza mapewa. Mwana amene ndinkamupukuta mamina ameneyu!

Ubwere kumayambiriro kwa Julayi. Mantha anga sanathe, usadzinamize.

Mem

Mlongo, ndi Auke, ndabwereka pansi pa pepalali. Madzi otentha a m'nyumba sangadzaze chibeseni chakocho. Ndikoka payipi yatsopano kuchokera kuthanki yotsukira makina okamira, idzalowera pawindo. Koma ukadzachedwa mpaka nthawi yokama madzulo, ng'ombe ndi zomwe zidzayambe. Zinabwera kale pano.


Kuchipatala, 23 Julayi 1994

Mem,

Auke akupatsani kalatayi pamanja. Ndili bwino tsopano, andiwonjezera magazi ndipo ndayamba kuyenda pang'ono. Mwana tamutcha Nynke, ndipo akuyamwa ngati sadzaonanso bere. Simunamuone, ndiye ndikuuzeni zimene munathawa.

Munandisiya nditangolowa m'chibeseni, dzuwa lisanafike pamutu. Munaima pawindo, munayang'ana kunja, n'kutenga chipewa. Ndinakuitanani, "Mem, mukupita kuti?" Munati, "Kwatentha," n'kutuluka. Kwatentha! Ndinkati mwapita kukapitidwa mphepo. Chitseko chikalira ndinkatukula mutu, n'kupeza ndi Griet ndi matawulo.

Madzi anachita zimene ndinanena. Ululu unalipo, koma unali ululu woti munthu n'kuusenza. Ndinkagwada, ndinkatembenuka ndekha, ndipo palibe anandigwira asanandifunse. Renske ankamvetsera mtima wa mwana pafupipafupi, n'kumayeza madzi kuti asatenthe kapena kuzizira. Joris sanakomoke, mukamuuze Auke. Nthawi itakwana Renske anati, "Tsitsa manja, umulandire wekha." Ndinamuona pansi pa madzi, maso ali phethiphethi, timanja titatambasuka, ndipo ndinamukweza n'kumuika pachifuwa panga. Anatsokomola, kenaka analira mpaka galu kuuwa panja. Woyamba kumugwira ndinali ine, Mem. Ine.

Posakhalitsa Renske anayang'ana mtundu wa madzi n'kunena kuti, "Tuluka." Sindinatsutse, muzidziwa zimenezo. Nsengwa inakana kutuluka, magazi osasiya. Anandibaya jakisoni, Griet anathamangira foni. Za mu ambulansi ndikukumbuka denga lokha, ndi Renske akundimenya m'masaya kuti ndisagone. Akuno akuti tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina.

Dokotala wina anabwera dzulo kudzandiuza kuti zonsezi ndi chifukwa cha madzi. Renske anali pomwepo. Anamukumbutsa kuti nsengwa imakanirira ngakhale pabedi la m'chipatala, ndipo sanatsutse. Ine ndinamuuza kuti akanakhala ndi chibeseni muno ndikanabwera ndekha ndi miyendo yanga, popanda ambulansi. Ayambe wayankha imeneyo.

Koma inu. Munavomera ndi pakamwa, mtima munausiya kwina. Mpaka lero simunabwere. Auke ndikamufunsa akungoyang'ana nsapato zake. Ngati mukudikira kuti ndinene kuti munanena zoona, mudikira mpaka kalekale. Mwana wanga anabadwa bwino ndipo sindikupepesa kwa aliyense.

Wietske


Aldwier, 24 Julayi 1994

Wietske mlongo wanga,

Moni. Hidde ali bwino, akudya ngati wolemba ntchito. Mem anandiletsa kunena. Za kulemba sanatchule.

Kalata yako anawerenga, anaipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Mutu wa bambo ake." Basi. Ine ndiye yandipweteka, choncho imva.

Atatuluka muja anatenga njinga. Anali ataona kuti dzuwa lakwiya, phula layamba kunyezimira pamsewu. Anapalasa ndi bondo lija mpaka pamlatho, anaimika njinga pakati penipeni pa gawo limene limakwera, iwo n'kuima pambali pake. Izi wandifotokozera Sipke mwini wake. Analiza belu, Mem osasuntha. Analizanso. Kenaka anatuluka m'kanyumba kake.

"Mayi Tjitske, chokanipo, maboti akudikira."

"Adikire. Mwana wanga akubereka."

"Akuberekera pamlatho pano?"

"Sipke, usandiyankhe ngati ukuyankha mnzako."

"Ndikuitanirani apolisi."

"Aitane. Akabwera aimike galimoto yawo pomwe pano, mlatho ulemere bwino."

Maboti anadzazana mbali zonse mpaka pokhota paja. Mahutala, kutukwana m'zilankhulo zonse. Mlendo wina anakwera kumtunda atavala kabudula wosambira yekha, n'kuyamba kuwaloza chala. Mem anamuuza kuti akavale kaye malaya asanalankhule ndi munthu wamkulu. Wapolisi anabweradi, wachilendo, wosatidziwa. Anawagwira mkono, iwo n'kukoloweka mkono winawo kuchitsulo cha m'mbali. Anati, "Mayi, ndikukumangani." Mem anati, "Ndimange pomwe pano, zindithandiza."

Pamenepo n'kuti nkhani itamveka m'mudzi. Anayamba kufika a Baukje a kubekale, omwe aja ankasiya nkhani pakati, atanyamula ambulera ndi botolo la madzi. Kenaka amayi ena, ena akukankha ana pa timangolo, onse n'kuima pamlatho. Wapolisi anawayang'ana, anavula chipewa, n'kukakhala pamthunzi.

Ambulansi inadutsa pobwera, inadutsanso pobwerera, osaponda buleki. Sipke akuti Mem anaima njo ikudutsa. Sanadziwe ngati m'katimo muli iwe kapena mwana, wamoyo kapena ayi. Anangoiyang'ana mpaka inazimiririka kuseri kwa mitengo. Kenaka anati, "Kweza tsopano," n'kugwa pansi amayi aja asanawagwire.

Ndikuuze zonse. Atawachotsa, mlatho unakwera n'kutsika bwinobwino, sunakanirire. Sipke akuti mwaona, palibe chikanachitika. Ndamuuza kuti akabwerezanso mawu amenewo ndikamuponya m'ngalande, tione ngati iye amayandama.

Mem dzuwa linawaotcha kwambiri, anasanza mpaka mawa lake, ndipo bondo latupa moti sangaponde. Ndicho chifukwa chake sanabwere. Amene akufika m'mawa uliwonse kudzawaona ndi a dokotala Wiarda, ndipo amakangana kuyambira polowa mpaka potuluka. Apolisi nawo alemba kuti mwezi wa mawa akayankhe mlandu wotsekereza njira ya maboti.

Usawauze kuti ndalemba. Adziwabe.

Auke


Kuchipatala, 26 Julayi 1994

Mem anga,

Mwadzuka bwanji? Mukumwa madzi okwanira? Auke sanandiuze kanthu. Ndangolota.

Zina zimene ndinalemba sindibweza. Madzi sanandilakwire, ndipo sindikupepesa kwa dokotala aliyense. Koma zoti munathawa ndabweza, ndipo manyazi andigwira mpaka kumapazi. Ndinalira mpaka namwino anabwera kudzandiyeza kutentha.

Anditulutsa Loweruka. Ku Amsterdam sindipita kaye, ndibwera kwanuko, Nynke ndidzamugoneke pachifuwa panu inu muli chigonere. Tsiku la mlandu tidzapita tonse, ndidzamuike patebulo la woweruza kuti amuone amene anaimitsa maboti.

Ndipo ndinene lero lomwe kuti musadzati sindinanene. Joris ndamuuza kale. Wachitatu akadzabwera, adzabadwiranso m'madzi.

Mwana wanu,
Wietske


Aldwier, 28 Julayi 1994

Wietske mwanawe,

Ndadzuka. Auke ndi wamiseche, ndamuuza pamaso pa mkazi wake.

Manyazi usiye, amaumitsa mkaka. Kumlandu ndipita ndekha, mwana wakhanda sapita kumalo otero. Ndidzavala diresi la kutchalitchi ndipo sindikukapepesa. Ndikukawafunsa kuti mlatho umenewu adzaukonza liti, komanso chifukwa chake chipatala chachikulu chonchija chilibe beseni ndi limodzi lomwe, pamene khola la Auke lili ndi madzi otentha okwanira. A Baukje akuti adzandiperekeza, ndipo akuti basi imodzi mwina sikwana.

Chibeseni chako sitinabweze, Griet waimba foni kuti tichisunge kaye. Mwana wamkazi wa a Baukje masiku ake ndi mu Okutobala, ndipo wakhala akubwera kudzachizungulira ngati munthu wofuna kugula ng'ombe. Renske wavomera, malamulo ndi omwe aja. A dokotala Wiarda akuti adzabwera kudzaima pakhomo, kungoonerera basi, kuti adzakhale ndi umboni wotitsutsira. Ndawauza kuti adzabwere ndi nsapato za mphira.

Chimodzi chokha chikundiwawa. Sindinamuone Nynke akutuluka m'madzimo. Ukabwera udzandifotokozerenso, pang'onopang'ono, osadumpha, ndipo ulendo uno sinditsinzina.

Za wachitatu ndamva. Sindikuletsa, ndatopa nako kukuletsa. Koma umuuze Joris aphunzire kuwerenga miyezi. Ameneyo adzabadwe mu Januwale, madzi a m'ngalande ataundana gwa ndi chisanu, boti lililonse lili pamtunda.

Mayi wako,
Mem